Kodi Ubwino Wathu Uli Wathu Ndithu?

Masiku apitawo, pokonza m'nyumba, tinapeza kaseti yakale ya vidiyo pansi pa bokosi la zobvala. Mwana wa mlongo wathu, mnyamata wa zaka 14, anaiona natifunsa, nati, "Amalume, kodi ndingaonere nao?" Tinasowa comyankha msanga, pakuti kasetiyo tinaikonda kopambana pa unyamata wathu, koma tinadziwanso zimene ziri m'kati mwace. Tsono tinabwereka makina akale, ndipo tinaionera tokha usiku, ana atagona. Zimene tinalingalira usiku uja tifuna kuziika pamaso pa inu owerenga athu.

Zithunzizo nza ku Japan, za mtundu umene aucha anime, ndiko kuti zolembedwa ndi manja, koma ziyenda ndi kulankhula monga kanema. Dzina lace ndi Violence Jack. Nthanoyi anaiyamba Go Nagai m'caka ca 1973 m'mabuku a zithunzi, ndipo pambuyo pace anapangapo akanema atatu, mu 1986, 1988 ndi 1990. Wathu ndiye waciwiri, wochedwa Evil Town. Nkhanza zace zinacuruka, kotero kuti ku Britain anayamba adulamo zina asanalole kuti agulitsidwe.

Nthano yace iri yotere. Cibvomezi cacikuru capasula dziko la Kanto, kumene kuli mzinda wa Tokyo, ndipo anthu ena atsekeredwa pansi pa nthaka miyezi yambiri. Iwo agawikana magulu atatu. Loyamba ndi la anthu olemekezeka, a malonda ndi apolisi. Laciwiri ndi la acifwamba. Lacitatu ndi la akazi okha. Olemekezeka aja, pokumba njira yoturukira, afukula cimphona dzina lace Jack, nacipempha kuti ciwachinjirize kwa acifwamba. Koma akazi afika naulula cifukwa cimene anapatukira: anawagwira mwa cigololo ndi amuna a gulu lolemekezeka lomwelo, poona kuti kulibenso bwalo la milandu. Jack, atamva ici, apita kukakhala mbali ya akazi.

Pa unyamata wathu mau amenewa sanatilowe. Ife tinali kudikira mpeni waukuru wa Jack ndi mwazi, tiri kupfuula ndi anzathu. Lero, imvi zitayamba, cimene catigwira mtima ndi funso ili: kodi amuna aja anali abwino cibvomezi cisanafike, kapena anali oopa cabe? Munthu wosaba cifukwa mlonda ali pakhomo sitingamyese wokhulupirika. Mlonda akagona, pomwepo tidzadziwa.

Kapena wina adzati, Imeneyo ndi nthano yopeka, anthu enieni satero. Tikadakondwa kukadakhala kotero. Koma pa 1 September 1923 cibvomezi ceniceni cinagwedeza dziko lomwelo la Kanto, ndipo anafa anthu oposa 100,000. M'masiku otsatira inabuka mbiri yonama yakuti anthu a ku Korea okhala m'dzikomo alikuthira mankhwala akupha m'zitsime ndi kutentha nyumba. Anthu wamba anadzipanga magulu, natenga malupanga ndi mikondo ya nsungwi, napha Akorea zikwi. Ndipo asilikari ndi apolisi ena anacita nao. Ambiri a akuphawo anali anthu a nchito zao ndi mabanja ao. Potero Go Nagai sananamizire mtundu wa anthu.

Komatu tisafulumire kumtama kanemayo. Iye anena zoona, koma azinena mwa njira yoipa. Masautso a akazi aja awaonetsa nthawi yaitali, ndi kubwereza, monga wogulitsa aonetsa nsaru pamsika. Atsutsa amuna ocita zoipa, nakondweretsanso maso a woonera ndi zoipa zomwezo. Apa ndipo tinacita manyazi. Pakuti pamene tinali kuseka m'cipinda ca mdima, popanda mkulu wotiona, tinafanana pang'ono ndi amuna a gulu loyamba lija. Sitinapweteka munthu, inde. Koma tinaphunzitsa mtima wathu kusamva cisoni, ndipo mtima ukazolowera cinthu sucedwa kucipeza copepuka.

Cifukwa cace sitinena kuti nthano iri yonse ya mwazi njoipa. Ngakhale nthano za agogo athu ziri ndi zimphona zodya anthu. Muyeso wace ndi uwu: potsiriza kuonera, kodi wozunzidwa uja timuona ngati mbale wathu, kapena ngati nyama ya m'maseweramo? Pa muyeso umenewo Evil Town apambana m'nthano yace, nagwa m'maonetsedwe ace.

M'mawa mwace tinamuitana mnyamata uja, ndi kumuuza kuti kasetiyo sadzaionera. Koma nthano yace tinamsimbira pakamwa, pamodzi ndi mbiri ya 1923, ndipo tinamfunsa gulu limene iye akadakhalamo. Anayankha msanga kuti akadathandiza akazi aja. Sitinamtsutsa, pakuti ndi yankho loyenera. Koma amuna aja, akadafunsidwa tsiku lisanafike, akadayankha comweco. Tinangomuuza kuti ayambe kudziyesa lero m'zinthu zazing'ono, pamene atumidwa kumsika ndi ndalama zosawerengedwa, ndi pamene akomana ndi mwana wofoka kuthengo popanda mboni. Ndipo mau omwewo tinadziuza ife eni, pobwezera kasetiyo pansi pa bokosi.