Utsi Ngwa Yani?

Munthu woimirira m'mbali mwa mseu wa Lumumba m'mamawa, pamene malole akulu alikutuluka mu Heavy Industrial Area, aona cinthu cimodzi cofunika kucilingalira: woyendetsa lole akhala kutsogolo, koma utsi utsalira kumbuyo. Phindu la ulendo lipita ndi mwini katundu, utsi ulowa m'cifuwa ca mai wogulitsa vitumbuwa ndi ca anchito oyenda pansi kucokera ku Matero, ku George ndi ku Kanyama. Tsono funso ndi ili: kodi munthu ali ndi mlandu pa coipa cimene saciona ndi maso, cimenenso sacicita yekha?

Kumudzi mlandu wotere subvuta. Wina akataya zonyansa m'citsime, mfumu imuitana ku bwalo, pakuti madzi ngwa onse. Mpweya nawo ndi citsime ca onse, koma uli ndi kusiyana kumodzi: wokana madzi oipa akhoza kukatunga kwina, pamene wokana mpweya alibe kothawira. Komabe woyendetsa ali yense anena kuti, "Utsi wanga ngwocepa, ndani anadwalapo ndi lole imodzi?" Mau amenewa ngoona pa munthu mmodzi, koma ngonama pa khamu. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo, ndipo mtolowo ausenza ndi mapapo a ana. M'caka ca 2012 akatswiri a bungwe la World Health Organization anatsimikiza kuti utsi wa dizilo uyambitsa khansa ya m'mapapo.

Wina adzati, "Wosauka angacitenji? Woyendetsa minibasi ayenera kupereka ndalama kwa mwini galimoto madzulo ali onse, ndipo injini si yake." Kudandaula kumeneku nkwa cilungamo, ndipo mbiri ya mtobvu ikucitira umboni. M'caka ca 1921 Thomas Midgley wa ku America anapeza kuti mtobvu wothiridwa m'petulo uletsa injini kugogoda. Mtobvuwo unatuluka pamodzi ndi utsi zaka zambiri, nuononga ubongo wa ana, ndipo panalibe woyendetsa ngakhale mmodzi wokhoza kuucotsa m'thanki yake. Anaucotsa ndi maboma. Maiko a mu Africa anapangana ku Dakar m'caka ca 2001, ndipo pofika 2006 petulo wotere analeka kugulitsidwa kuno kum'mwera kwa Sahara. Dziko lotsiriza pa dziko lonse lapansi linali Algeria, mu 2021. Momwemonso, kuyambira 2023 mpope wa TAZAMA wocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola unayamba kubweretsa dizilo wocepa sulufule, amene acepetsa mwaye.

Cotero mlandu ulipodi, koma sulingana pa anthu onse. Ukula monga mwa mphamvu imene munthu ali nayo. Boma, limene lisankha mafuta olowa m'dziko ndi kuyesa magalimoto, lisenza mbali yaikulu. Mwini lole atsatapo, pakuti utsi wakuda ndiwo dizilo wosapsa bwino, ndipo kawirikawiri ucokera ku sefa ya mpweya yotsekeka ndi pfumbi, ku mainjekita okutha, kapena ku katundu wopitirira muyeso. Zonsezi makanika azidziwa, ndipo mwini wokana kuzikonza wasankha kuti mtengo wake aulipire ndi anthu ena. Woyendetsa naye ali nako kake: kuzima injini pamene adikira katundu pa cipata, m'malo moisiya ilikulira ora lathunthu pafupi ndi anthu ogulitsa zakudya.

Mnyamata wotsiriza sukulu amene adzalowa nchito m'magalaja ndi m'madepoti a kumeneko adzaphunzitsidwa kumvetsera kulira kwa injini ndi kuyang'ana njira ya kutsogolo. Aphunzirenso kuceuka. Anthu otsalira mu utsi sawadziwa maina, ndipo iwo sadzabwera kudzamuimba mlandu. Cifukwa cace wowakumbukira ayenera kukhala iye mwini. Madzulo akaweruka, iyenso adzayenda pansi m'mbali mwa mseu womwewo, kumbuyo kwa lole ya munthu wina.