Za Kuseri kwa Khoma

Kuno ku Leeds ndimathandiza malume anga ntchito ya upulambala. Pakati pa mapulambala pali mkangano wosatha: kopa kapena pulasitiki?

Akuluakulu amakonda kopa. Amapala nsonga ya paipi n'kuwotcherera ndi moto, ndipo amati khoswe sangalume kopa. Achinyamata timati kumeneko n'kutaya nthawi. Ndi Speedfit umangodula paipi ya 15mm n'kukankha. Kamphira kam'kati kamatseka madzi, timano tachitsulo n'kugwira paipiyo.

Ine ndinkaganiza kuti nkhani yonse ndi imeneyi, mpaka Lachisanu lina. Titatsala pang'ono kutseka khoma la bafa, ndinakumbukira kuti pamalo amodzi sindinaike kachubu kolimbitsa kukamwa kwa paipi yapulasitiki. Madzi sanali kudontha. Mwini nyumba anali atasangalala kale. Ndikanangokhala chete, ndani akanadziwa?

Ndinalimbana nazo mumtima, kenako ndinaulula. Malume sanakalipe. Anangoti, "Mphwanga, masula. Mayiwa akutilipira pa zinthu zimene sadzaziona."

Mawu amenewo sanandichokebe m'mutu. Kasitomala amaona matailosi ndi mpope wonyezimira. Zina zonse amangotikhulupirira. Tsiku lomwe denga lidzayambe kunyowa, ife tidzakhala titadya kalekale ndalama yake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kopa wowotcherera mwaulesi amadontha, pulasitiki yokankha mosafikitsa imadonthanso. Ndiye mukandifunsa kuti chabwino n'chiti, ine ndifunsa kaye: waika ndani, ndipo amatani pomwe palibe womuona?