Mfundo zofunika kuchokera ku Msinja ndi ku Somnath

Mvula ikadula mu Januwale chimanga n'kuyamba kupota masamba, mlimi wa ku Nachisaka amagwidwa nkhawa yomwe kale inkanyamutsa makolo athu kupita ku Msinja, m'munsi mwa Dzalanyama, kwa Makewana, mayi amene ankatsogolera nsembe za mvula. Nako ku Gujarat, dera la India komwe kunachokera amwenye ambiri a masitolo ku Lilongwe ndi ku Limbe, kuli kachisi wakalekale wa Somnath m'mphepete mwa nyanja, komwe Ahindu amakapembedza mulungu wawo Shiva. Malo awiriwa akutiphunzitsa izi:

1. Vuto la onse amalisenzera limodzi. Kukagwa chilala, mafumu ankatuma nthumwi ku Msinja zitanyamula nsembe, monga nsalu yakuda ndi chiweto chakuda. Palibe ankapempha mvula ya munda wake wokha. Mutu umodzi susenza denga.

2. Ukulu uli ndi zoletsa zake. Makewana sankameta tsitsi, poti ankati kulimeta n'kudula mvula. Atsikana omutumikira, otchedwa matsano, sankakwatiwa pa nthawi ya utumiki wawo. Wofuna kuwomberedwa m'manja ayambe wadzifunsa ngati angadzimane zomwe anzake akudyerera.

3. Zikavuta tisathamangire kuloza chala. Ku Msinja, munthu wotchedwa Tsang'oma ndiye ankaimba mbiriwiri, ng'oma yopatulika yoitanira anthu. Koma mvula ikakanika, mlandu unkagwera iyeyo, mpaka kuphedwa. Mwambowo unatha, koma mtima wake ulipobe: mitambo ikabalalika, mudzi umanong'onezana kuti agogo akutiakuti amanga mvula. Wopanda womuteteza ndiye amasenzetsedwa tsoka la onse.

4. Kugwetsa kachisi sikutha chikhulupiriro. Angoni anasakaza Msinja m'zaka za m'ma 1800, nthawi yomwe Achewa ena ankabisala m'nkhalango ya phiri la Ntchisi, komabe nsembe za mvula zinapitirira, makamaka ku Bunda. Somnath anafunkhidwa ndi Mahmud, mfumu ya ku Ghazni, mu 1026, n'kudzagwetsedwanso kangapo pambuyo pake. Ahindu sanaleke kupitako, ndipo kachisi amene alipo lero anatsegulidwa mu 1951. Malo opatulika amafa tsiku lomwe njira yopitako yamera udzu.

5. Chomanga ndi thukuta lako umachisamala. Mtsogoleri wina wa ku India, Vallabhbhai Patel, atalonjeza mu 1947 kuti Somnath amangidwenso, Mahatma Gandhi analangiza kuti ndalama zake zichokere kwa anthu, osati ku thumba la boma, ndipo zinaterodi. Ifenso tikudziwa kusiyana kwa tchalitchi chomwe amayi anatungira madzi, abambo n'kuumba ndi kuwotcha njerwa, ndi mjigo wongopatsidwa umene ukathyoka aliyense amati eni ake abwera.

6. Kudziwa za mnzako sikutaya zako. Mishoni ya Mvera inayamba mu 1889, ya Kongwe mu 1894, ndipo lero ambiri kuno ndife Akhristu, ena Asilamu, ena a gule. Mhindu wovula nsapato pakhomo la kachisi ndi mayi wa chigwirizano wogwada m'tchalitchi, onse akuvomereza kuti alipo wowaposa. Musananyoze kapembedzedwe ka wina, mufunseni chifukwa chomwe amachitira zimenezo. Mukatero, tsiku lina iyenso adzafunsa za kwanu.