Timikangano ta pa mpopi

 Kunja kukungocha kumene, koma pa mpopi wa ku Sadzi zidebe zafola kale, kudikira madzi otsika ku damu la Mulunguzi, pamwamba pa phiri la Zomba. Posachedwa pamveka mawu a amayi awiri: "Ndinayamba kufika ndine!" "Chidebe changa wasuntha ndani?"

Izi pachingerezi amati bickering: kukangana pa tinthu tating'ono, kobwerezabwereza, kopanda nkhonya. Nkhani zotere sizifika kwa amfumu. Komabe zimandikhudza, chifukwa amayi awiriwa ndi omwewo adzaphikire limodzi pamaliro, ndipo ana awo ali pomwepo, akumva. Kawirikawiri gwero la mkanganowo si chidebe ayi. Wina wagona akuganiza za ufa umene watha, wina wachezera usiku wonse ndi mwana wotentha thupi.