Shuga akalowa m'thupi, walowa m'nyumba yonse

Adzukulu anga, senderani pafupi ndikuuzeni za matenda amene ndakalamba nawo. Anandipeza ndili wamkulu kale: ludzu losatha, kudzukadzuka usiku kukataya madzi, thupi kumangotha pamene nsima ndikudya bwino. Ena ankanong'ona kuti ndalodzedwa. Kuchipatala anandibaya chala, nandiuza kuti ndi shuga.

Shuga wotereyu madokotala amamutcha Type 2, ndipo ndi amene amavutitsa anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse odwala shuga. Thupi limasiya kumvera insulin, motero shuga amangodzaza m'magazi n'kumawononga pang'onopang'ono maso, impso ndi mitsempha. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa mu 2009 anapeza kuti m'Malawi muno, mwa anthu 100 a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali nawo. Sindili ndekha.

Koma mvetsani ichi. Kamakina koyezera kamangotchula nambala. Sikadziwa ngati ndagona tulo, ngati dzanzi la kumapazi landilola kufika kudimba, ngati maso akuonabe bowo la singano. Sikadziwa chisoni chokhala paukwati utagwira kapu ya madzi anzako akumwa Fanta. Abambo ena mphamvu za m'banja zimawathera, n'kumafa nazo mumtima chifukwa cha manyazi. Munthu akataya mtima amayamba kudumphitsa mankhwala, ndipo apo m'pamene matenda amapeza mpata.

Tsono moyo wa wodwala shuga uli m'manja mwa amene amakhala naye. Musamuphikire kamphika kakekake ngati mlendo. Nsima ya mgaiwa, yochepa, ndi nyemba, usipa, bonongwe kapena nkhwani wambiri, idyeni nonse pamodzi, pakuti ndi chakudya chabwino kwa aliyense. Madzulo alionse muyang'aneni mapazi, pakati pa zala pomwe. Phazi ladzanzi silimva minga, ndipo kabala konga kambewu ka mapira kadulitsa miyendo ya anthu ambiri. Asayende wopanda nsapato, ndipo azizikutumula asanavale.

Metformin kapena jakisoni wa insulin asasiye chifukwa wina wabwera ndi mizu yowawa. Shuga sachizika ndi kuwawa kwa mtengo. Tsiku la sikelo yake mumuperekeze, ndipo maso akapimitse kamodzi pachaka ngakhale akuona bwino. Mukamuona akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, mawu akusokonekera, mwina shuga watsika kwambiri. Ngati akutha kumeza, mupatseni madzi a shuga msanga. Akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala.

Inunso dzisamaleni, chifukwa matendawa amatsata magazi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mimba yaikulu si chizindikiro cha chuma ayi. Yendani, limani, palasani njinga, osachepera mphindi 150 pamlungu. Chepetsani zakumwa zotsekemera ndi mandasi, fodya musamuyandikire, ndipo mukayezetse musanamve kupweteka kulikonse, poti shuga amatha kukhala zaka m'thupi osadzionetsa.

Ine ndikadalima, ndikadanyamula zidzukulutudzi pamwendo, chifukwa a m'nyumba mwanga sanandisiye ndekha ndi matendawa. Adzukulu anga, kholo lanu likadwala shuga, idyani nalo mbale imodzi, ndipo muzilifunsa za mumtima mwake, osati za nambala yokha.