KODI WONAMIZA BANKI WABERA YANI?

Masiku ano m'maiko a America ndi Ulaya anthu ambiri agula malonda pa intaneti, osaonana maso ndi mwini malondawo. Wogula alipira ndi khadi la banki, ndipo wogulitsa atumiza katundu pa positi. Pa malonda otere pabuka khalidwe lina limene tiyenera kuliyesa bwino, ngati liri kuba kapena iai.

Ciyambi cace cinali cokoma. M'caka ca 1974 boma la America linaika lamulo lochedwa Fair Credit Billing Act, lakuti munthu akaona colakwa pa ngongole ya khadi lace, akhoza kudandaula ku banki asanathe masiku 60. Malamulo a Visa ndi Mastercard apatsa wogula nthawi yoposa apo, masiku 120 pa milandu yambiri. Banki ikabvomera dandaulo, ilanda ndarama kwa wogulitsa nizibwezera wogula, ndipo kubweza kumeneku akucha chargeback. Sitinyoza lamuloli ai, pakuti lapulumutsa ambiri amene akuba anawabera makhadi, ndi ena amene analipira katundu wosafika konse.

Koma taonani cimene ena acita nalo. Munthu aitanitsa nsapato, nazilandira, nazibvala. Pambuyo pace auza banki kuti sizinafike, kapena kuti woitanitsa sanali iye. Amalonda akucha macitidwe awa friendly fraud, ndiko kunena cinyengo ca paubwenzi, ngakhale ife sitiona ubwenzi uli wonse pamenepo.

Wocita cotero adzitonthoza mumtima kuti, Banki njolemera, siidzamva kuwawa. Apa ndipo pali bodza lalikuru. Pa malonda a kutali, pamene khadi silionekera m'manja, kawirikawiri wosenza citayiko ndiye wogulitsa. Ataya nsapato, ataya mtengo wace, ataya za positi, ndipo pamwamba pace alipitsidwa cifukwa ca mlanduwo. Kampani ya Stripe ku America itenga madola 15 pa dandaulo liri lonse. Kapena wogulitsayo ndi mai wamasiye wosoka zobvala m'nyumba mwace, amene phindu la sabata yonse lithera pa bodza limodzi. Wonama sanaone nkhope yace, ndipo cifukwa ca ici cikumbumtima cace cigona tulo. Kodi mbala yoboola nkhokwe usiku icepa chimo popeza sinaone mwini cimanga? Tinganene kuti wonamiza banki aposa mbalayo, pakuti waba, nacitanso umboni wonama pa mnzace, namsandutsa wosalakwa akhale ngati wonyenga.

Tsono pali cina cobvuta, ndico ca woweruza. Pa bwalo la mfumu onse awiri akhala pansi pamodzi ndi ankhoswe ao, ndipo mfumu siikhala mbale wa mmodzi yekha. Pa mlandu wa khadi woyamba kuweruza ndiye banki ya wogula mwini, imene idya phindu mwa iye, niopa kumtaya. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Wogulitsa auzidwa atumize umboni m'masiku owerengeka. Koma cikalata ca positi cingosonyeza kuti phukusi linafika pakhomo, sicinena dzanja limene linalitola. Ngakhale citetezo cimene PayPal ilonjeza ogulitsa ciri ndi malire ace: katundu ayenera kupita ku keyala yomweyo yolembedwa pa malipiro, ndipo wogulitsa akakomera mtima wogula namtumizira kwina monga anapempha, citetezo cimthawa.

M'mwezi wa April 2023 a Visa anakonzako pang'ono. Wogula akakana kuti sanagule ndiye, wogulitsa aloledwa kuonetsa malonda awiri akale amene munthu yemweyo anagula osadandaula, a pakati pa masiku 120 ndi 365 apitawo. Ici cithandiza sitolo yaikuru imene anthu abwerako kawiri kawiri. Koma mai wosoka uja agulitsa kwa mlendo kamodzi kokha, ndipo malonda awiri akalewo alibe.