Kuthamanga Sikufika: Zimene Ndege Zingaphunzitse Madalaivala a pa Liwonde

Masiku apitawa, minibasi ina yochoka ku Liwonde kupita ku Balaka inayenda mtunda wautali itamatirira kumbuyo kwa thiraki ya simenti ngati nkhupakupa pa khutu la ng'ombe. Mayi wina amene anakhazika mwana pamiyendo analephera kupirira. "Adalaivala, tasiyaniko mpata, enafe tasiya ana kunyumba," anatero. Dalaivala sanacheuke n'komwe. "Mayi, ngati mukuopa tsikani, ife tili pa ntchito." Okwera ena anaseka. Wolemba nkhaniyi sanaseke, ndipo mwano umenewo ukumuwawabe mpaka lero.

Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Ambiri amaumva mwambiwu ngati chitonthozo cha aulesi, kapena ngati mawu a nkhalamba yoopa liwiro. Kumeneko n'kuuphonya, ndipo umboni wake uli kumwamba.

Ndege zikuluzikulu zimene ana a ku Ntaja ndi ku Ulongwe amaziloza zikusiya mzere woyera m'mitambo zimathamanga makilomita oposa 800 pa ola. Palibe amene amazikaniza liwiro limenelo. Chimene amazikaniza ndi kuyandikana. Malamulo a bungwe la ICAO, limene limayang'anira maulendo a pandege padziko lonse, amati ndege ziwiri zikhale motalikirana mafiti 1,000, pafupifupi mamita 300, ina pamwamba ina pansi. Zikakhala pamsinkhu umodzi, ndipo owongolera ndege akuziona pa rada, nthawi zambiri pakati pake pamafunika makilomita 9. Ngakhale pabwalo, ndege yaing'ono imadikira mphindi ziwiri kapena zitatu chindege chachikulu chikanyamuka, kuopa kavuluvulu amene mapiko ake amasiya m'mbuyo. Woyendetsa ndege amene wachedwa, amene okwera ake akung'ung'udza, amadikirabe.

N'chifukwa chiyani anthu ophunzira chonchi, okhala ndi makina okwera mtengo, amasunga mpata wopanda kanthu? Yankho linaoneka usiku wa pa 1 Julayi 2002 pamwamba pa tauni ya Überlingen ku Germany. Ndege ya ku Russia ya mtundu wa Tupolev, imene inanyamula ana ambiri a sukulu opita kutchuthi ku Spain, inkayandikira ndege yakatundu ya DHL pamsinkhu womwewo wa mafiti 36,000. Ku Zurich, wowongolera ndege mmodzi yekha ndiye ankayang'anira malo awiri chifukwa mnzake anali atapita kukapuma. Makina ena omuchenjeza anali akukonzedwa, ndipo lamya yake inali isakugwira. Pamene ankaona ngoziyo n'kuti kutatsala nthawi yosakwana mphindi imodzi. Analamula ndege ya ku Russia kuti itsike. Nthawi yomweyo makina a m'ndegemo, otchedwa TCAS, anaiuza kuti ikwere, n'kuuza ya DHL kuti itsike. Oyendetsa a ku Russia anamvera munthu, ndege zonse ziwiri zinatsika, ndipo zinawombana. Anthu 71 anafa.

Palibe amene anali ataledzera usiku umenewo. Onse anali akatswiri, onse anayesetsa. Koma mpata utadyedwa, kulakwitsa kwa munthu mmodzi kunasowa pokonzera. Izi ndi zimene dalaivala uja sakuzimvetsa. Mtunda umene ali kuuona ngati wowonongeka pakati pa galimoto lake ndi thiraki ndiwo masekondi amene adzawafune tsiku limene mbuzi idzadumphire mumsewu, kapena wanjinga wosenza makala adzagwere kutsogolo kwa thirakiyo. Galimoto loyenda makilomita 80 pa ola limadya mamita 22 pa sekondi imodzi, ndipo sekondi imeneyo imatha phazi lisanafike n'komwe pa mabuleki. Wosiya mamita asanu wabetcha miyoyo ya anthu amene sanamupatse chilolezo chobetchera.

Ena anena kuti dalaivala ali ndi ndalama imene abwana ake akuidikira madzulo, ndipo akachedwa anzake amutolera okwera onse pa Mangochi Turn-Off. N'zoona, ndipo eni minibasi amene amaumiriza anyamata awo chonchi ali ndi mlandu wawo. N'zoonanso kuti ambulansi yothamangira ku chipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde ndi mayi wodwala pakati singayende ngati ngolo ya ng'ombe. Pali nthawi imene kuchedwa kumapha. Koma ambulansi imaliza belu kupempha kuti ena aipatse njira. Imapempha mpata, siiba. Ndipo umphawi wa dalaivala, ngakhale ndi womvetsa chisoni, sufupikitsa mtunda umene mabuleki amafuna kuti galimoto liime. Kumamatira thiraki sikumufikitsanso msanga, popeza liwiro lake limakhala lomwelo la thirakiyo.

Anthu a ku Balaka sayenera kupita ku Ulaya kuti aone mwambo umenewu. Pa Nkaya, pamene njanji yochokera ku Moatize imakumana ndi ya kuno, sitima zazitali za malasha zopita ku Nacala kudzera pa Liwonde ndi Nayuchi zimasinthana njira pa chilolezo. Sitima ikauzidwa kuti iime, imaima, ngakhale katundu wake ndi wa ndalama zoposa zimene minibasi ingapeze zaka zambiri.

Minibasi ija inafika ku Balaka popanda ngozi, ndipo n'kutheka kuti dalaivala anaona ngati wapambana mkangano. Mayi uja anatsika, n'kubereka mwana wake, osanena kanthu. Thiraki ya simenti inali itangodutsa pa depoti, patsogolo pawo ndi masekondi ochepa chabe, monga mmene ikanakhalira dalaivalayo akanamvera.